MADZI OFUNDA NDI MTENGO WACE

Phunziro la pa nyumba ndi la pa msonkhano. Mau owerenga: Genesis 2:8-15, Yohane 6:1-13, Luka 14:28-30.

Mwa miyambo yonse ya anthu a kum'mawa kwa Zambia, Acewa, Angoni, Ansenga ndi Akunda, palibe wodziwika koposa uwu wa madzi osamba. Mlendo akafika pa khomo, amuikira madzi ku bafa asanamfunse za ulendo wace. Mwamuna pocokera ku munda apeza ndowa iri kufuka nthunzi. Wodwala, khanda, mai wa cikuta ndi nkhalamba, onsewa safuna madzi ozizira, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julai pamene cisanu citsika m'mapiri a Chipata. Mwambo umenewu ngwabwino, pakuti uonetsa ulemu ndi cifundo.

Komatu madzi ofunda ali ndi mtengo wace, ndipo mau awa ngoona pawiri ponse. Wa m'tauni alipira ndi ndalama za makala kapena za magetsi. Wa kumudzi alipira ndi mtengo weniweni wa m'chire, umene amai ausenza pamutu. Phunziro lino lionetsa kukula kwa mtengowo, ndi njira zimene banja lingaucepetse nazo popanda kutaya mwambo.

I. Ndowa imodzi idya ciani?

Madzi ndi cinthu cobvuta kutenthetsa. Mwala kapena citsulo ca kulemera kofanana nao citentha msanga, koma madzi amwa moto wambiri asanafunde. Anzeru anauyesa moto umenewu, ndipo muyeso wace ndi womwewo wa mayuniti a magetsi amene anthu agula ku ZESCO. Ndowa ya malita 20, kuti icoke pa madigri 20 a madzi a pa citsime kufika pa madigri 45 a madzi osamba, ifuna yuniti imodzi yosakwana, ndiyo magawo 6 mwa magawo 10 a yuniti.

Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma iri ndi moto wa mayuniti 4 kapena kupitirira pang'ono. Ukadalowa wonse m'madzi, kilogalamu imodzi ikadafunditsa ndowa zisanu ndi imodzi. Koma pa mafuwa atatu moto uthawira m'mbali, mphepo iutenga, ndipo umene ulowadi m'madzi ndi magawo 10 kapena 15 okha mwa magawo 100. Cifukwa cace ndowa imodzi idya kilogalamu imodzi ya nkhuni, kapena imodzi ndi theka.

Tsono banja lofunditsa ndowa zitatu pa tsiku litha makilogalamu 4, ndipo pa caka apitirira 1,400. Mtolo wa mai ukalemera makilogalamu 25, imeneyi ndi mitolo yoposa 50: ulendo umodzi wa ku nkhuni sabata iri yonse, wa madzi osamba okha, osawerengako nsima ndi ndiwo. Amene asenza mitoloyi ndi amai ndi ana akazi, ndipo nthawi zina mwana asiya sukulu tsiku limenelo.

Makala, amene ambiri acha malasha, aoneka ngati osaononga, cifukwa thumba lace ndi laling'ono pa mtengo umene linacokako. Koma pa uvuni wa dothi afuna nkhuni za makilogalamu 5 kufikira 10 kuti atulutse kilogalamu imodzi ya makala. Moto wambiri wa mtengowo uthera kuchire komweko, usanafike pa mbaula ya munthu wogula.

II. Mapiri ndi utsi

Chipata, imene kale inachedwa Fort Jameson, yakula kwambiri, ndipo inalandira ulemu wa mzinda m'caka ca 2017. Anthu a ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika ndi m'makomboni ena aphika ndi kufunditsa madzi pa makala, ndipo makalawo acokera m'midzi yozungulira. M'mamawa uli wonse njinga zitsikira ku tauni zitasenza matumba. Mitondo ndi miombo, imene itenga zaka makumi kuti ikule, igwa m'tsiku limodzi. Nkhuni zifunikanso poocha njerwa ndi poumitsa fodya. Cotero mapiri amene akulu-akulu awakumbukira ali ndi nkhalango, tsopano ambiri aoneka miyala.

Phiri likavulidwa, madzi a mvula salowa pansi. Athamanga, nakokolola nthaka, nadzaza mcenga m'mitsinje monga Lutembwe, kumene anthu a mumzinda apezako madzi akumwa. Zitsime ziphwa msanga m'cilimwe. Potero munthu wodula mtengo kuti afunditse madzi acepetsa madzi omwewo amene afuna kufunditsa.

Utsi nao uli ndi mlandu wace. Bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, linawerengera kuti m'caka ca 2020 anthu pafupifupi 3,200,000 anafa ndi nthenda zobwera ndi utsi wa m'nyumba, monga cibayo ndi nthenda za mtima ndi mapapo. Amene akhala nthawi yaitali pa moto ndi mai ndi khanda lace la kumbuyo. Ndowa iri yonse yosafika pa moto icepetsa utsi umene iwo apuma.

Buku la Genesis linena kuti Mulungu anaika munthu m'munda ndi nchito ziwiri, ya kulima ndi ya kusunga. Ambiri aikumbukira yoyamba, naiwala yaciwiri.

III. Giza ya magetsi

M'nyumba zina za m'tauni, ndi m'nyumba za aphunzitsi, anamwino ndi abusa kumene waya unafika, muli giza ya magetsi. Imeneyi ndi thanki yokhala ndi citsulo cotenthetsa m'kati mwace, cochedwa elementi. Giza ya malita 150, potenthetsa madzi ace kucokera pa madigri 20 kufika pa 60, idya mayuniti 7. Banja likatha thanki imodzi pa tsiku, pa mwezi apita mayuniti 210. Ndiponso thanki yotentha itaya kutentha kwace pang'ono-pang'ono usana ndi usiku, ngakhale palibe wosamba, ndipo elementi iyakanso kubwezera cotayikaco. Pamenepa papita yuniti imodzi kapena awiri tsiku ndi tsiku. Ndico cifukwa cace giza kawiri-kawiri iposa nyale zonse, wailesi ndi filiji pa kudya magetsi. Mtengo wa magetsi a m'nyumba uikidwa m'masitepe, kotero kuti wogula mayuniti ambiri pa mwezi alipira otsirizawo pa mtengo wokwera. Giza ndiyo ikankhira banja pa sitepe ya pamwamba.

Magetsi a Zambia ambiri acokera ku madzi, makamaka ku Kafue Gorge ndi ku damu la Kariba, limene linatha kumangidwa m'caka ca 1959. Mvula ikacepa, magetsi acepanso. Zinatero m'zaka za 2015 ndi 2019, koma koposa m'caka ca 2024. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse, ndipo m'miyezi yotsatira nyumba zambiri zinakhala zopanda magetsi kufikira maola 21 pa tsiku. Giza ya magetsi inangokhala thanki ya madzi ozizira, ndipo eni ace anabwerera ku mbaula. Mitengo ya m'midzi ya kutali inalipira ngongole ya Kariba.

IV. Kutola makombo

Ambuye Yesu atadyetsa khamu la anthu zikwi zisanu, anauza ophunzira ace kuti atole makombo, ndipo inadzala mitanga khumi ndi iwiri. Iye amene akadakhoza kucurukitsa mkate wina sanalole kuti wotsalawo utayike. Moto wa pa nyumba ulinso ndi makombo ace, ndipo kuwatola sikufuna ndalama.

1. Kubvundikira. Ndowa kapena mphika wopanda cibvundikiro utaya kutentha ndi nthunzi. Wobvundikira ufunda msanga.

2. Kucinjiriza moto. Mafuwa a pabwalo poomba mphepo ataya nkhuni. Citofu coumba ndi dothi kapena ca njerwa, cokhala ndi khomo limodzi la nkhuni ndi mphika wokhala pafupi ndi lawi, cidya nkhuni zocepa, ndipo ciyaka bwino ndi timitengo tating'ono ndi zitsononkho.

3. Nkhuni zouma. Nkhuni yaiwisi iyamba yawiritsa madzi a m'thupi mwace isanatenthetse a m'ndowa, ndipo ifuka utsi wambiri.

4. Moto wotsala. Nsima ikaphulidwa, makala akhala akali ofiira. Ndowa yoikidwa pamenepo ifunda yopanda kuonjeza nkhuni.

5. Kusawiritsa. Madzi osamba safuna kubwadamuka. Kuwiritsa ndowa yonse ndi kuithira madzi ozizira pambuyo pace ndiko kulipira moto wosaugwiritsa nchito.

6. Kufunda madzi. Ndowa yobvundikira ikaikidwa m'dengu loyalamo udzu wouma, mankhusu, thonje kapena nsanza, ndi kufundika pamwamba ndi thumba, isunga kufunda kwace maola ambiri. Madzi a madzulo athandiza mwana wa sukulu m'mamawa.

Wokhala ndi giza ya magetsi alinso ndi makombo ace. Aiyatse ora limodzi kapena awiri isanafike nthawi yosamba, naizime pambuyo pace. Thermostat, ndiko kacipangizo koletsa madzi kutentha mopitirira, kaikidwe pa madigri 60, osati 70 kapena 80. Thanki ndi mapaipi a madzi otentha zikulungidwe ndi cofunda cace. Mpope wa madzi otentha ukamadontha ukonzedwe msanga, pakuti dontho liri lonse licoka ndi magetsi. Kusamba ca m'ndowa kutha madzi ocepa koposa kudzaza bafa lalikuru.

V. Moto wosagula

Dziko la Zambia linapatsidwa dzuwa lambiri. Pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, monga theka la citseko, dzuwa litsanulira kutentha kwa mayuniti oposa 5 tsiku limodzi. Kumbukirani kuti ndowa imodzi ifuna yuniti yosakwana. Denga la nyumba iri yonse lilandira moto wokwanira kusambitsa mudzi, ndipo ungotayika.

Pali malamulo atatu amene Mlengi anaika m'cilengedwe, ndipo makina onse ofunditsa madzi ndi dzuwa atsamira pa iwo. Loyamba: cinthu cakuda cimwa kutentha kwa dzuwa, coyera cikubweza. Laciwiri: galasi kapena pulasitiki yoonekera ilola kuwala kulowa, koma iletsa mpweya wotentha kuthawa ndi mphepo kuziziritsa. Lacitatu: madzi otentha apepuka nakwera pamwamba, ozizira alemera natsika pansi.

Njira ya wosauka ndi iyi. Cigubu ca malita 20 cipakidwe utoto wakuda, cidzazidwe m'mamawa, cigonekedwe pa dzuwa pamalo posaomba mphepo. Cisagone pa dothi lozizira, koma pa thabwa kapena pa thumba la mankhusu. Cikaikidwa m'bokosi kapena m'kampanda ka njerwa, pamwamba pace nkuphimba ndi galasi la zenera lakale kapena pulasitiki yoonekera, madzi afunda bwino pofika dzuwa litapendeka. Masiku a mitambo madziwo angakhale ofunda pang'ono cabe. Ngakhale ziri tero, nkhuni zowatsiriza zikhala zocepa, cifukwa dzuwa lagwira kale gawo la nchito.

Kumene kuli mpope, paipi wakuda wa pulasitiki, uja wothirira ku dimba, azengedwe ngati nkhata yaikuru pa denga kapena pa thandala. Mamita 100 a paipi wa mamilimita 20 asunga madzi pafupifupi ndowa imodzi, ndipo masana a Okutobala madzi ace atentha mwakuti afuna kuwasakaniza ndi ozizira.

Cobvuta ncimodzi: dzuwa lipereka madzi ace madzulo, koma ambiri anazolowera kusamba m'mamawa. Pano banja lisankhe, kapena kusamba pocokera ku nchito, kapena kufunda madziwo m'dengu kufikira mawa. Bambo wokana kusintha ora lace losamba ayenera kudziwa kuti ora limenelo alilipira ndi khosi la mkazi wace.

VI. Giza ya dzuwa

Nzeru imeneyi siyatsopano iai. M'caka ca 1891 Clarence Kemp wa ku Baltimore, ku America, anayamba kugulitsa bokosi la galasi lokhala ndi mathanki akuda m'kati. Madzi ace anali kuzizira usiku. M'caka ca 1909 William Bailey wa ku California anapatula mbali yokola dzuwa ndi thanki yosungira madzi, nafunda thankiyo, kotero kuti madzi anakhala otentha kufikira m'mamawa. Dziko la Israel linaika lamulo m'caka ca 1980 lakuti nyumba zambiri zatsopano zikhale ndi makina otere, ndipo China ndiyo iposa maiko onse pa kuwapanga ndi kuwagwiritsa nchito.

Giza ya dzuwa ya masiku ano iri ndi thanki yofundidwa bwino, yogona pamwamba, ndi mbali yokola dzuwa m'munsi mwace. Mbali imeneyi ikhala bokosi laphanthi-phanthi la galasi, kapena mzere wa macubu a galasi. Madzi akatentha m'menemo akwera okha kunka m'thanki, ndipo ozizira atsika kudzatenga malo ao. Palibe injini, palibe mafuta. Isasokonezedwe ndi sola ya nyale ndi mafoni: ija ipanga magetsi, iyi itenthetsa madzi basi.

Akulu-akulu akumbukira mgolo wa magaloni 44 umene unali kuseri kwa nyumba za pa mishoni ndi za m'mafamu, womangidwa m'njerwa, moto uli pansi pace. Azungu anali kuucha Rhodesian boiler. Unali kuyenda ndi lamulo lomwelo la madzi otentha okwera pamwamba, koma unali kudya zipika. Giza ya dzuwa ndi mgolo womwewo wocotsedwa pa moto.

Komabe iri ndi mtengo wogulira, ndipo siwocepa. Ambuye anaphunzitsa za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera, kuopa kuti angalekeze pa maziko, anthu namseka. Wofuna kugula awerengere motere. Alembe ndalama zimene zipita pa madzi otentha mwezi umodzi. Wa magetsi angadziwe pozima giza sabata imodzi ndi kuona kusiyana kwa mayuniti pa mita. Pa ndalamazo acotsepo gawo limodzi la magawo atatu, cifukwa m'dzinja ndi m'masiku a mitambo dzuwa silikwanira. Zotsalazo ndizo adzapulumutsa mwezi ndi mwezi. Agawe nazo mtengo wa giza pamodzi ndi malipiro a mmisiri ndi mapaipi, ndipo adzadziwa miyezi imene ndalama zace zidzabwerera. Banja lalikuru losamba kwambiri libweza msanga. La anthu awiri licedwa. Wokhala m'nyumba ya lendi ayambe wapangana ndi mwini nyumba. Ndipo wosakhala ndi mpope kapena thanki ya pamwamba yodzazira madzi asathamangire giza; cigubu cakuda cimkwanira. Kutenga kaloba cifukwa ca giza ndiko kuthawa mvula ndi kugwa m'mtsinje.

Poiika pafunika kusamala izi. Chipata iri kumwera kwa mzere wodula dziko pakati, ndipo m'miyezi yozizira dzuwa liyenda ca kumpoto. Cifukwa cace mbali yokola dzuwa iyang'ane kumpoto, pamalo popanda mthunzi wa mango. Malita 200 a madzi alemera makilogalamu 200, monga matumba anai a cimanga, osawerengako citsulo; denga lofooka silingathe, ndipo nkwabwino kumanga nsanja yace pambali. Pfumbi la cilimwe lipukutidwe pa galasi. Madzi a m'zitsime zina zakuya asiya miyala yoyera m'kati, ndipo ifuna kucotsedwa. Macubu ouma amene akhala pa dzuwa asathiridwe madzi ozizira masana, angasweke, adzazidwe m'mamawa.

VII. Macenjezo

Cigubu kapena mgolo umene munali mankhwala a thonje, a fodya kapena a dibi ya ng'ombe usagwiritsidwe nchito konse, ngakhale utatsukidwa kangati.

Madzi a madigri 60 aocha khungu la mwana m'kamphindi. M'beseni muyambe mwathiridwa ozizira, otentha pambuyo, ndipo wamkuru ayese ndi cigongono. Khanda lisasiyidwe pafupi ndi ndowa.

Madzi ofunda okhala m'thanki masiku ambiri abala tizirombo ta cibayo coopsya. Ndico cifukwa cace thermostat siyenera kutsika pansi pa madigri 60, ndipo madzi a m'cigubu atsanulidwe tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace. Madzi ofunda ndi dzuwa si madzi owiritsa, asayesedwe akumwa.

Thanki iri yonse yotenthetsa madzi iri ndi kapaipi kopumira. Kasatsekedwe pakuti kadontha. Thanki yotsekedwa ingaphulike.

Mbaula yamoto isalowe m'bafa kapena m'cipinda cotseka. Makala atulutsa mpweya wakupha wosaoneka, wosanunkha, ndipo munthu angogona osadzukanso.

VIII. Mbali ya mpingo

Kuyambira pamene Uthenga unafika ku Magwero m'caka ca 1899, ndi ku Madzimoyo pambuyo pace, mpingo wakhala uli kuphunzitsa za moyo wa thupi pamodzi ndi za mzimu: sukulu, cipatala, ulimi ndi ukhondo. Nkhani ya moto ndi madzi iri m'gulu lomwelo. Amai a Cigwirizano, amene acezera odwala ndi okalamba, adziwa nyumba zimene nkhalamba isamba madzi ozizira cifukwa yasowa woitolera nkhuni. Cigubu cimodzi cakuda cikhoza kuthandiza agogo otere koposa mtolo umodzi wa pa Khirisimasi. Anyamata a mumpingo angaumbe zitofu ndi kukhoma mabokosi. Akulu a mpingo, pokonza nyumba ya abusa, cipatala caching'ono kapena nyumba yodikirira amai apakati, awerengere za giza ya dzuwa asanagule ya magetsi.

Nkhuni zidzafunikabe, ndipo ziyenera kubzalidwa. Pa malo ofufuza za ulimi a Msekera, pafupi ndi Chipata, akatswiri anayesa mitengo yokula msanga monga Sesbania ndi Gliricidia kuyambira zaka za m'ma 1980, napeza kuti ibwezera conde m'nthaka ndi kupatsanso nkhuni. Gliricidia iphukanso ikadulidwa. Mizere yace m'munda ifupikitsa ulendo wa ku phiri.

Mwambo wa madzi osamba usafe. Mlendo aikiridwebe madzi, wodwala asambitsidwe, mkazi alemekeze mwamuna wace. Koma mwamunanso, amene Malembo amlamulira kukonda mkazi wace monga thupi la iye yekha, afunse kumene kucokera moto wa ndowa imene aipeza ku bafa, ndipo akhale woyamba kugula utoto wakuda ndi kubzala mtengo.

Mafunso okambirana

1. Banja lanu lifunditsa ndowa zingati pa tsiku? Ndani atola nkhuni zace, ndipo ayenda mtunda wotani?

2. Mwa njira zisanu ndi imodzi za m'cigawo ca IV, ndi ziti zimene zingayambike sabata lino popanda ndalama?

3. Cifukwa ninji Ambuye analamulira kutola makombo, angakhale panali pocuruka?

4. Munthu wofuna kugula giza ya dzuwa ayenera kuwerengera ciani poyamba?

5. Ndi okalamba ndi odwala ati a mumpingo mwanu amene asowa madzi ofunda m'cisanu, ndipo ndani adzawafikira Juni asanakwane?